Kungokhalirana chete si mtendere, tisamanamizane

Pali mawu ena amene Akhristu timawakonda heve, ndipo amamveka oyera bwino: "Ine nde nkhani ija ndinaisiya m'manja mwa Mulungu." Ukamumva munthu akutero umati eee, uyu wakula mu uzimu. Koma tangoyesani kutchula dzina la amene anayambana naye uja muone mmene nkhope isinthire. Nambala anaibuloka kalekale, pa gulu la WhatsApp la pabanja anatulukapo, ku tchalitchi amayamba wasuzumira kaye kuti winayo wakhala mbali iti kuti iye akakhale mbali ina, ndiye ikafika nthawi yopatsana moni wa mtendere amapeza chochita, kaya kumanga chingwe cha nsapato kaya kusakasaka tsamba m'buku la nyimbo, mpaka nthawiyo idutse. Madzulo waika vesi pa sitetasi, vesi lake lonena za adani, ndipo aliyense wowadziwa awiriwa akudziwa kuti muviwo ukulunjika kwa ndani. Mukamufunsa akuti zinatha zija, tili pa mtendere.

Ine ndikuti palibe chatha apa. Anthu awiri angosiya kukuwirana basi, udani uli pompo, ndipo chimandinyansa ndi choti udaniwo tauveka zovala za chipembedzo kuti wina asatifunse. Yeremiya 6:14 anawanena kale anthu otere, aneneri ndi ansembe amene ankapoletsa bala la anthu pamwamba pokha nkumati mtendere, mtendere, pamene mtendere palibe. Zili ngati kumata pulasitala pa chithupsa, kunja kukuoneka bwino koma mafinya akuyenda mkati.

Amene amaganiza kuti kukhala chete kumathetsa nkhani akawerenge bwino za banja la Davide, 2 Samueli mutu 13 mpaka 18, chifukwa ine sindiona malo ena m'Baibulo pamene chete anawononga zinthu ngati pamenepa. Amnoni, mwana wa Davide, wagwirira mlongo wake Tamara. Davide wamva, ndipo lemba likuti anakwiya kwambiri. Kenako? Palibe. Bambo, mfumu, woweruza wamkulu wa dziko lonse, anangokwiya basi osachitapo kanthu. Abisalomu naye anauza Tamara kuti khala chete mlongo wanga, ndi mchimwene wako ameneyu, usaiike kumtima nkhaniyi. Mawu omwewo amene atsikana ambiri amauzidwa mpaka lero kuti banja lisachite manyazi. Tamara anakhala m'nyumba ya Abisalomu ali wosweka mtima, ndipo Abisalomu sanalankhule ndi Amnoni chabwino kapena choipa kwa zaka 2. Munthu wodutsa akanati pabanjapa pali bata. Zaka 2 zitakwana Abisalomu anakonza phwando lometa nkhosa, anaitana abale ake, nkuphetsa Amnoni pomwepo.

Sizinathere pamenepo. Anathawira ku Gesuri zaka 3, Yowabu, mkulu wa asilikali a Davide, anachita kupanga mapulani otumiza mayi wa ku Tekowa kuti akanyengerere mfumu, Davide anavomera kuti mwanayo abwere koma anati asaone nkhope yanga. Zaka zinanso 2 ali mu Yerusalemu momwemo, bambo ndi mwana mzinda umodzi osaonana, mpaka Abisalomu anachita kuwotcha munda wa barele wa Yowabu kuti amumvere. Atakumana pomaliza mfumu inamupsopsona. Werengani vesi lomaliza la mutu 14, mupeza kugwada ndi kupsopsona koma simupeza akukambirana za Tamara kapena za Amnoni, zaka 7 za mkwiyo anazitseka ndi mwambo wa mphindi imodzi. Mutu wotsatira womwewo Abisalomu wayamba kuba mitima ya anthu pa chipata, ndipo nkhondo imene inatsatira inapha anthu 20,000 tsiku limodzi, iyenso anafera momwemo. Akuluakulu sananame kuti mlandu suwola.

Nde ndikamva wina akuti tiyeni tingozisiya, zakale ndi zakale, ndimafunsa kuti tikuzisiya kuti? Zimene sizinakambidwe zimapita kwa ana, amakula akudziwa kuti kwa amalume awo sitipitako koma chifukwa chake sachidziwa, amangolowa udani ngati chuma chamasiye.

Yesu sanati odala amene sakonda zokangana. Pa Mateyu 5:9 anati odala ali akuchita mtendere, ndipo Salimo 34 likuti tiufunefune ndi kuulondola, Ahebri 12:14 nayenso akunena zomwezo. Izi ndi ntchito za miyendo. Ndipo taonani mmene anatsekera makomo onse othawira. Pa Mateyu 5:23-24 akuti ukabwera ndi mphatso yako pa guwa nkukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, isiye pomwepo, pita kayanjane naye kaye. Apa wopita ndi amene walakwa, kapena amene akuganiziridwa kuti walakwa. Pa Mateyu 18:15 akuti mbale wako akakuchimwira pita ukamuuze panokha iwe ndi iye. Apa wopita ndi wolakwiridwa. Ndiye wotsala kuti akhale pampando nkumadikira kuti abwere yekha ndi ndani? Palibe. Zija timati "iyeyo ndi amene anayamba, abwere ndi iyeyo" zilibe vesi.

Komanso ganizirani kuti mawu a pa Mateyu 5 aja Yesu ankawalankhula pa phiri ku Galileya, pamene guwa la nsembe linali ku Yerusalemu, mtunda wopitirira makilomita 100, ulendo wa masiku angapo wapansi. Munthu wayenda ulendo wonsewo, wafika pa guwa, nkumuuza kuti bwerera kwanu kaye ukakonze ndi mbale wako. Ife lero foni ili m'thumba, mbale wathu ali pa mtunda wa chala chimodzi, koma chopereka tikuponya sabata ndi sabata ngati vesi limeneli analichotsamo.

Tsono pa Mateyu 18 paja timakonda kuyambira kumapeto. Dongosolo lake ndi loti uyambe panokha, akakana utenge mmodzi kapena awiri, akakanabe ndi pamene nkhani ifike ku mpingo. Ife timayamba ndi mpingo, ndipo mpingo wake ndi wa m'makona, "ndikukuuzani kuti mungondithandiza kupemphera", pofika Lachitatu kwaya yonse yadziwa, gulu la amayi ladziwa, masikirinishoti azungulira mafoni onse, mwini nkhani yekha ndi amene sanauzidwe kuti analakwa chani. Miseche yovala jekete la pemphero imeneyo. Ndipo ambiri amene timawasungira mkwiyo sadziwa nkomwe kukula kwa chimene anatichita, mwina anayankhula mothamanga tsiku lina iwo nkuiwala, ife tikugona nazo chaka chachitatu.

Koma pali mbali ina imene ndikufuna ndiikhalire pang'ono, chifukwa uthenga wa chiyanjano womwewu wavulaza anthu ambiri ukagwiridwa molakwika. M'mipingo yambiri katundu yense wa mtendere amasenzetsedwa wolakwiridwa. Mayi wamenyedwa mpaka diso kutupa, akapita kwa atsogoleri amauzidwa kuti pirirani, khululukani, Mulungu amadana ndi kutha kwa banja, bwererani. Womenya uja safunsidwa kanthu, Lamlungu akutsogolera mapemphero. Wina wadyeredwa ndalama ndi mnzake wa mumpingo, akadandaula ati ndi wokonda za dziko. Mwana wachitidwa zoipa ndi wachibale, ati tisapite kupolisi, tikambirane pabanja, Akhristu sitengerana kukhoti. Uku ndi kubwereza tchimo la Davide lija ndendende, ndipo amene amachita izi asamanamizire Yesu. Pa Luka 17:3 Yesu anati mbale wako akachimwa umudzudzule, akalapa umukhululukire. Kudzudzula kuli momo, kulapa kuli momo. Kugwirira mwana ndi kumenya mkazi ndi milandu, Aroma 13 akuti olamulira alipo kuti alange ochita zoipa, ndipo kukanena kupolisi sikukuchotsera munthu Chikhristu chake ngakhale pang'ono.

Anthu amasokoneza zinthu zimene sizofanana. Kukhululuka ndikhoza kuchita ndekha, ine ndi Mulungu wanga, kusiya kufuna kubwezera ndi kusiya kumufunira winayo zoipa. Kuyanjana kumafuna anthu awiri komanso choonadi pakati pawo. Kukhulupirirananso nde nkhani ya nthawi, munthu amene anaba ndalama za gulu mukhoza kumukhululukira lero koma simumupatsanso usungichuma mawa, ndipo sikuti mwamusungira chakukhosi, mwangogwiritsa ntchito mutu.

Papa John Paul II anawomberedwa pa bwalo la St Peter pa 13 May 1981 ndi Mehmet Ali Ağca. Patangopita masiku ochepa ali m'chipatala analengeza kuti wamukhululukira, ndipo pa 27 December 1983 anapita kukamuona kundende ya Rebibbia ku Rome, anakhala naye pansi nkucheza. Koma Ağca sanatuluke tsiku limenelo, anakhalabe m'ndende ku Italy mpaka chaka cha 2000 pamene pulezidenti wa dzikolo anamukhululukira, ndipo anatumizidwa kwawo ku Turkey kukagwira ukaidi wa milandu ina. Chikhululukiro chinayenda njira yake, chilungamo chinayenda njira yake, sizinagundane. Ku Charleston ku America, mu June 2015, mnyamata wina wachizungu, Dylann Roof, analowa mu tchalitchi cha anthu akuda cha Emanuel, anakhala nawo pa phunziro la Baibulo kenako nkupha anthu 9. Patangopita masiku awiri ena mwa achibale a ophedwawo anamuuza m'khoti kuti amukhululukira, dziko lonse linadabwa. Iye sanasonyeze kulapa kulikonse, ndipo mu 2017 anaweruzidwa kuti aphedwe. Pamenepo chikhululukiro chinalipo koma chiyanjano panalibe, ndipo palibe wanzeru amene angawanene achibale aja kuti analephera. Nchifukwa chake Paulo pa Aroma 12:18 anaikapo malire, ngati nkutheka, monga momwe mukhoza, khalani ndi mtendere ndi anthu onse. Ankadziwa kuti pena sizitheka.

Koma chonde vesi limeneli tisalisandutse bedi. Ambiri amene timati "sizikutheka" sitinayese nkomwe. Amene akuthawa nkhanza ali ndi chifukwa chomveka chokhalira patali, koma ambirife nkhani zathu ndi za mawu, za ngongole yaing'ono, za amene sanatiitane ku ukwati, za amene anatenga udindo umene tinkaufuna ife, za katundu wa makolo. Tisabisale kumbuyo kwa mabala a anthu ena.

Chimene chimapangitsa chiyanjano kukhala chovuta ndi choti chili ndi mtengo, ndipo wina amayenera kulipira. Yakobo atakhala zaka 20 kwa Labani, pobwerera anamva kuti Esau akubwera ndi amuna 400. Sanangotumiza uthenga woti man zakale tiiwale. Anatsogoza mbuzi 220, nkhosa 220, ngamila 30 ndi ana ake, ng'ombe 50, abulu 30, iye mwini nkuwerama pansi kasanu ndi kawiri mpaka kufika pa mkulu wake. Mantha analipo, inde, koma munthu amene anaba madalitso anabwera ndi kanthu m'manja ndipo anadzichepetsa pamaso pa akazi ake ndi ana ake. Zakeyu naye sanangoti Ambuye ndalapa, anati theka la chuma changa ndipatsa osauka, ndipo amene ndinamulanda kanthu ndimubwezera kanayi, ndipo ndi pamenepo Yesu anati lero chipulumutso chafika m'nyumba muno. Ife tikufuna kuyanjana ndalama za mwini tili nazo m'thumba, malo a mwini tikulimabe, bodza limene tinamunenera pagulu tikufuna kulipepesa ku inbox. Ngati unamuyalutsa pagulu kakonze pagulu pomwepo.

Ndipo kupepesa kwake kuzimveka. Meseji ija yoti "pepani ngati penapake ndinakulakwirani, tonse ndife anthu, Mulungu akudalitseni" ndi yodziteteza, munthu akufuna aoneke kuti anapepesa popanda kuvomera kalikonse. Kupepesa kwenikweni kumatchula chinthucho: ndinanena zakuti kwa akuti, zinali zabodza, zinakuwonongerani mbiri, ndapita kale kukawauza zoona zake. Kumawawa kulemba zimenezo, chala chimanjenjemera, umafufuta nkulembanso, koma wolandira amadziwa kuti wamvedwa.

Dziko la South Africa linayesa zimenezi pa mlingo wa dziko lonse. Utatha ulamuliro wa tsankho, komiti ya choonadi ndi chiyanjano inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, wapampando wake anali Archbishop Desmond Tutu, ndipo inayamba kumva maumboni mu April 1996 ku East London. Wofuna kukhululukidwa milandu ankayenera kuulula zonse zimene anachita, osabisa. Anthu opitirira 7,000 anapempha, amene anapatsidwa anali 849 okha. Komitiyo ili ndi oidzudzula ambiri ndipo ena ali ndi mfundo, banja la Steve Biko, womenyera ufulu amene anafera m'manja mwa apolisi, linalimbana nayo mpaka kukhoti, ndipo ambiri amadandaula kuti chipepeso kwa ozunzidwa chinachedwa komanso chinachepa pamene chuma chinatsalabe m'manja momwemo. Koma madandaulo amenewa akungotsimikiza mfundo yomweyi, kuti kuulula kopanda kubweza kumasiya ntchito pakati. Ngati dziko linaona kuti silingayanjane popanda kunena zoona poyera, banja la anthu asanu ndi mmodzi lingathe bwanji?

Wina anena kuti nanga fanizo la Yesu la pa Mateyu 18 lija, la kapolo amene mfumu inamufafanizira ngongole yaikulu koma iye nkukana kukhululukira mnzake, si likutiuza kuti zimene anatilakwira anzathu ndi zazing'ono? Poyerekeza ndi ngongole yathu kwa Mulungu, matalente 10,000, inde ndi zazing'ono. Koma madinari 100 amene mnzake uja anali nawo ngongole sanali masewera, dinari imodzi inali malipiro a tsiku lathunthu, ndiye tikunena malipiro a miyezi itatu ndi kuposerapo. Yesu sananene kuti sunapwetekedwe. Akuti wapwetekedwa zoona, koma usamukanyange pakhosi mnzako iwe utangotuluka kumene m'nyumba ya mfumu imene yakufafanizira zonse. Mfundo yonse ya 2 Akorinto 5:18-19 ndi imeneyi, kuti Mulungu, amene ndi wolakwiridwa, ndi amene anayamba kuyenda kubwera kwa ife, ndipo sanachite ngati tchimo kulibe, analilipira pa mtanda. Ndiye Mkhristu amene akuti ine sindingayambe ndine, ulemu wanga utsika, akutsatira ndani?

China chimene chimanditonthoza ndi choti Baibulo silinamizira kuti kuyanjana kumabwezeretsa zonse mmene zinalili. Esau anathamanga, anamukumbatira Yakobo, analira onse, koma atamuitana kuti tiye limodzi Yakobo anazemba, Esau anapita ku Seiri iye analowera ku Sukoti. Anadzakumananso poika maliro a bambo awo Isake, aliyense nkumakhala kwake. Paulo ndi Barnaba, atumiki akuluakulu, anakangana koopsa pa Machitidwe 15 chifukwa cha Yohane Marko amene anawathawa pa ulendo woyamba, mpaka anasiyana, Barnaba anatenga Marko kupita ku Kupro, Paulo anatenga Sila. Zaka zitapita Paulo yemweyo akulembera Timoteyo kuti ubwere naye Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Zinatenga nthawi, ndipo munthu wouma mutu ngati Paulo anasintha maganizo poyera, m'kalata. Nde musadzipanikize kuti mukayanjana ndiye kuti muzichezerana tsiku ndi tsiku ngati kale. Mwina mudzangofika poti mukhoza kupatsana moni woona, kuthandizana pa vuto, kutchulana m'pemphero popanda kukukuta mano. Ndi zambiri kale zimenezo.

Ndisanaiwale, ife oonerera tili ndi mlandu wathu. Anthu awiri akayambana timasankha mbali, kapena timanyamula mawu uku kupititsa uko, kapena timati sizikundikhudza. Paulo atamva kuti amayi awiri a mumpingo wa ku Filipi, Euodiya ndi Suntuke, sakumvana, anawatchula mayina m'kalata yowerengedwa pagulu, tangoganizani manyazi ake, koma sananene kuti wolakwa ndi uyu, anawadandaulira onse mofanana, anakumbutsa mpingo kuti amayiwa anagwira naye ntchito ya uthenga wabwino, kenako anapempha munthu wachitatu kuti awathandize. Pa nkhani ya Onesimo, kapolo amene anachoka kwa Filemoni, anapita patali kuposa apo. Anamubweza ndi kalata yoti umulandire ngati mbale wokondedwa, ngati mmene ungandilandirire ine, ndipo ngati anakulakwira kanthu kapena ali ndi ngongole kwa iwe, uiike pa dzina langa, ine Paulo ndalemba ndi dzanja langa, ndidzabweza.

Abusa, akulu a mpingo ndi aliyense amene amaitanidwa kukayanjanitsa anthu, yerekezani zimenezo ndi mmene zimachitikira nthawi zambiri: kuitana awiriwo mu ofesi mapemphero atatha aliyense ali ndi njala, kuwerenga vesi limodzi, "gwiranani chanza", pemphero, basi mphindi khumi zatha. Wamphamvu uja, amene amapereka chakhumi chachikulu kapena ali ndi udindo, amatuluka akumwetulira, wofooka amatuluka atauzidwa kuti akapitiriza kudandaula ndiye kuti ali ndi mzimu wosakhululuka. Kuyanjanitsa kwenikweni kumafuna kumva aliyense payekha kaye, mwina kangapo, kufunsa wolakwiridwa chimene chingakonze zinthu m'malo momuuza, kulimba mtima kumuuza wamkulu kuti apa mwalakwa ndinu ndipo mubweze, ndi kubwereranso pakatha mwezi kukaona ngati zimene analonjezana zachitika. Pena woyanjanitsa amadedwa ndi mbali zonse ziwiri, pena amataya mnzake, pena amalowetsa ndalama zake ngati Paulo. Amene sali wokonzeka kutaya kalikonse pa nkhaniyo ndi bwino anene poyera kuti sangathe, apeze wina, kusiyana ndi kukakamiza anthu kugwirana chanza kuti iye apite kunyumba msanga.